Kwa agogo pa Fatima: mlamba, nsima ya mapira ndi mbiri ya koleji ya manesi

Chiikireni chithunzi cha mbale ya mlamba chija anthu mwakhala mukundivutitsa kuti malo amenewo ndi kuti, ndiye ndati ndingolemba kamodzi aliyense adziwerengere yekha, zoyankha mmodzimmodzi zanditopetsa komanso bandulo yake ndilibe. Ndi pa Fatima, ku Muona m'boma la Nsanje, tsidya la kum'mawa kwa Shire lomwe tonse timangoti East Bank, dera la mfumu Mlolo. Dzina la lesitilantiyo musandifunse. Chikwangwani chilipo koma dzuwa la kwathu kuno linanyambita penti yonse, pangotsala chithunzi cha kapu ya tiyi ndi theka la nkhuku. A kabaza amangoti kwa agogo, ndipo mukatero aliyense akulozerani, si patali ndi msewu wolowera kuchipatala.

Ine sindinapitire zakudya ayi. Mwana wa achemwali anga ali chaka choyamba pa koleji ya manesi ya Trinity, ndiye amayi ake anandikakamiza kuti malume ndinu, kamusiyireni shuga, sopo, chiponde ndi kandalama. Ndimakhala pa Bangula, ndipo amene mumadziwa kuno mukudziwa kuti Fatima ndi pafupi ukamayang'ana ndi maso koma ndi kutali ukamayenda. Njira ndi ziwiri: kukwera mpaka pa Thabwa n'kutsetserekanso ndi msewu wa East Bank kudutsa Livunzu ndi Masenjere, tsiku lonse limenelo, kapena kuwoloka pa boti pa Mtayamoyo n'kutenga njinga yamoto tsidya linalo. Ndinasankha boti. Pa Mtayamoyo paja ndi pomwe madzi anadula njanji ndi msewu mu 1997, kuchokera nthawi imeneyo Bangula ndi Chiromo anasanduka ngati mayiko awiri, ana obadwa chaka chimenecho pano ali ndi ana awo koma tikuwolokabe ndi ndalama m'manja. Dzina lokhalo la malowo limakuuza kuti upemphere kaye.

Ndinafika cha m'ma 11, mwezi wa October, thukuta mpaka m'sokosi, fumbi la njinga lili mbuu kumaso ngati ndachokera ku chigayo. Kuimba foni mwana uja osayankha, kenako kauthenga kuti malume ndili ku wodi ndituluka 1 koloko. Ndiye maola awiri ndikhale pati? Wa kabaza uja ndi amene anati bwana tiyeni ndikakusiyeni kwa agogo, mukapeza mthunzi.

Malo ake ndi kanyumba ka njerwa zowotcha, malata akale, kutsogolo anaika khonde la udzu ndipo pakhondepo ndi pomwe pali moyo, m'kati musalowemo masana, ndi uvuni. Matebulo ndi anayi, mabenchi, ndi mipando iwiri ya pulasitiki yomwe umodzi anausoka ndi waya. Mtsikana wothandiza anabwera ndi beseni ndi jagi, sopo wake kachidutswa ka uja wochapira zovala koma alipo, zimene malesitilanti ena a pa boma zimawakanika. Menyu ndi ya pakamwa. Tsiku limenelo kunali mlamba wowamba, nsomba za makakana zokazinga, nyama ya mbuzi, nyemba, ndipo masamba anali chisoso chotendera. Nsima ya mgaiwa, ya ufa woyera kapena ya mapira, apo ayi mpunga. Ndinati mbuzi, akuti yatha, 11 koloko mbuzi yatha! Ndinadzamva pambuyo pake kuti magadiyani a odwala amabwera ndi makontena m'mawa n'kutengeratu. Basi ndinati mlamba ndi nsima ya mapira.

Apa ndinene zoona, anachedwa. Mphindi 40 zinakwana ndikungoyang'ana mbuzi za eni ake zikudutsa pamsewu, chifukwa nsima ya mapira saphikiratu, amaphika munthu akaitanitsa. Koma itafika ndinawakhululukira. Mitanda itatu, yofiirira, yolimba bwino yosamata m'manja, kafungo kake kaja ka mapira kondikumbutsa kwa agogo anga ku Tengani komwe chimanga chinali cha alendo. Mlamba anaudula pawiri, mbali ya kumutu ndi ya pakati, khungu lakuda ndi utsi koma m'kati mofewa moyera, anauviika kaye m'madzi ofunda mchenga wonse n'kuchoka, sindinalume kamchenga ngakhale kamodzi ndipo amene mumagula mlamba wa ku dambo la Elephant Marsh mukudziwa kuti chimenecho n'chozizwitsa. Msuzi wake wa tomato ndi anyezi basi, mafuta pang'ono, osati zija amathira madzi ndi kale kuti uoneke wofiira. Tsabola wa kambuzi ali m'kabotolo pambali, ndinathira ngati mwamuna ndipo ndinalira ngati mwana. Chisoso chinali ndi kuwawira kwake koyenera, nsinjiro sanaumire. Zonsezi tsiku limenelo zinali K4,500, ndi kapu ya madzi a bwemba K500. Pa Nchalo mbale ngati imeneyi simukanaipeza pa mtengo umenewo, ndinayesapo.

Ndili pakati pa mtanda wachiwiri ndi pomwe ndinaona chithunzi pakhoma la khonde, chakale cha blaki ndi waiti, chili m'felemu yagalasi losweka pakona. Atsikana ovala zoyera ndi tizipewa ta manesi afola mizere iwiri, pakati pawo asisitere achizungu. Ndinafunsa mtsikana uja kuti awa ndi ndani, iye anangokuwa kuti agogo, alendo akufunsa chithunzi chanu. Anatuluka mayi wokalamba, wamfupi, chitenje cha Amayi Akatolika, m'manja muli chipande. Ndinati wawa agogo, anati mwaswera mwanawanga, wachokera kuti ndi fumbi lonseli. Atamva kuti Bangula anandiyankhula Chisena pang'ono kundiyesa, nditayankha anaseka n'kukoka mpando wosokedwa uja.

Iwo pachithunzipo palibe. Akuti anali kukhitchini, ankaphikira ana a sukuluwo zaka zambiri asanatsegule malo awowa, ndipo chithunzicho anapatsidwa ndi mmodzi wa atsikanawo atamaliza. Kuchokera pamenepo sindinafunsenso zambiri, nkhani inkangobwera yokha.

Zina ndinkazidziwa kale, zina ndinazilumikiza tsiku limenelo. Dzina loti Fatima si la kuno, ndi la parishi ya Akatolika, lochokera ku Fatima wa ku Portugal komwe Akatolika amakhulupirira kuti Amayi Maria anaonekera kwa ana atatu mu 1917. Dzina la dera ndi Muona. Koma lero ukauza kondakitala kuti Muona amakufunsanso kuti pa Fatima? Ndiye kuti mishoni inameza dzina la malo. Chipatala cha Trinity anayambitsa ndi asisitere a chipani cha Divine Providence ochokera ku Germany, dziko lino lisanalandire ufulu wa 1964, ndipo sukulu ya manesi inabwera m'zaka zomwezo za m'ma 1960 chifukwa chipatala chopanda manesi ndi nyumba chabe, ndipo nesi wophunzira ku Blantyre kapena ku Zomba kumuuza kuti bwera udzakhale ku chigwa kotentha chonchi, kopanda msewu, udzudzu ngati mpunga, ankabwera angati? Nzeru inali yoti tiphunzitse konkuno. Dayosizi ya Chikwawa, yomwe Muona ili pansi pake, inakhazikitsidwa mu 1965, bishopu woyamba anali Vroemen wa chipani cha Montfort, kenako a Felix Mkhori. Ndiye koleji imeneyi ndi dayosizi yake ndi a msinkhu umodzi, ndipo ndi yakale kuposa masukulu ambiri omwe amatchuka m'tauni. Pano ili pansi pa CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, ngati makoleji anzake a mishoni, a Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, St Luke's, Holy Family ku Phalombe, ana amaphunzira unesi ndi uzamba zaka zitatu kenako mayeso a khonsolo ya manesi. Mukadzagonekedwa pena pake m'dziko muno mudzafunse nesi wokubayani jakisoni kuti anaphunzira kuti, musadzadabwe akadzati ku Muona.

Chomwe agogo anandiuza chimene sindinachiganizepo ndi choti msika wonse uja unabadwa ndi njala ya anthu odikira. Wodwala akagonekedwa amabwera ndi gadiyani, gadiyani afuna nkhuni, tomato, mchere, kandulo, poto akaiwala kwawo. Amayi oyembekezera amabwera kudzadikira masiku awo pafupi ndi chipatala chifukwa mvula ikagwa mitsinje yochokera m'mapiri a Thyolo imadzaza kamodzin'kamodzi ndipo suwoloka. Ana a sukulu afuna sopo, mandasi, telala woti abweze yunifomu, masiku ano afuna fotokope, chaja ndi wa Airtel Money kapena Mpamba. Akuti iwo anayamba ndi mandasi pa lichero pansi pa mtengo, kenako tiyi, kenako mtsikana wina wa sukulu anadwala n'kulakalaka nsima ya mapira ya kwawo, anamuphikira, mawa lake anabwera ndi anzake atatu. Ndinayang'ana mzere wa mashopu uja ndi maso ena. Palibe fakitale pa Fatima, palibe boma, palibe msewu waukulu wodutsa. Pali tchalitchi, chipatala, koleji, masukulu, ndi sikimu ya mpunga ya Muona kumunsi kwake, basi tauni n'kukhalapo.

Ndiye poti ndinali nditangodutsa kumene ku Chiromo m'mawa womwewo, mutu wanga unayamba kufananiza. Anzanga a ku Lilongwe simungakhulupirire koma Chiromo inali khomo la dziko lino. Pamene Ruo amathira mu Shire, sitima za pamadzi zochokera ku Zambezi zinkaima pamenepo, panali boma, panali a kasitomu, panali masitolo. Azungu asanakhazikike panali mfumu ya Amakololo Chipatula, amene anaphedwa ndi mzungu wamalonda George Fenwick mu 1884, ndipo kale kuposa apo Bishopu Mackenzie wa mishoni ya mayunivesite a ku England anafera cha komweko ndi malungo mu January 1862. Njanji yochokera ku Port Herald, Nsanje ya lero, inadutsa pa Chiromo n'kukafika ku Blantyre mu 1908. Fatima nthawi imeneyo kunalibe n'komwe. Lero pitani ku Chiromo mukaone, zipupa zakale, njanji yopindika ili m'tchire, mbuzi. Sitima ya pamtunda itasiya kuwoloka mu 1997 inkathera pa Makhanga, agogo akuti ana a sukulu ochokera ku Limbe ankatsikira kumeneko ndi masutikesi pamutu, kenako madzi a January 2015 anadzamaliza zotsalazo, Ruo anasiya njira yake n'kudzipangira ina, Makhanga n'kukhala ngati chilumba. Anamondwe nawo, Idai mu 2019, Ana mu 2022, Freddy mu 2023, aliyense kudzatenga gawo lake. Tauni ya sitima inafa sitima itachoka. Iyi ya odwala ndi ana a sukulu ilipobe chifukwa anthu sanasiye kudwala, amayi sanasiye kubereka, komanso amene anasankha malo a mishoni anaiika cha kumtunda kufupi ndi phiri osati m'mphepete mwa madzi. Awa ndi maganizo anga, a mbiri yakale mukhoza kunditsutsa.

Ndinawafunsa za nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, chifukwa malire ndi Ruo yemweyu, ukaima ku Makhanga tsidya linalo ndi dziko lina. Apa anayamba atakhala chete kaye. Tonse a ku Nsanje tikudziwa kuti cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 othawa nkhondo anachuluka kuposa eni boma, mpaka mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992. Iwo anangoti mwanawanga, miphika sinkazizira, ndipo ana a sukulu a nthawi imeneyo anaona mabala omwe m'mabuku mwawo munalibe. Sanapitirize ndipo ine sindinakakamize. Anadzuka kukasonkhezera moto, pobwera anandibweretsera kambale ka mpunga koti ndingolawa, akuti sungabwere ku Muona osalawa mpunga wa pa sikimu. Wonunkhira, wosaphwanyika, anathira mchere wokha. Sanandilipiritse.

Tsopano zoipa, chifukwa ndikangoyamikira muziti andilipira. Choyamba, chakumwa chozizira iwalani. Filiji ilipo koma imadalira magetsi, tsiku limenelo munali mofunda ngati m'thumba, madzi a bwemba aja anali okoma koma otentha ngati mankhwala a chifuwa. Madzi akumwa a mumtsuko ndi omwe anali ozizirirapo, funsani amenewo. Chachiwiri ntchentche. Ndikudziwa kuti pomwe pali nsomba ndi kutentha ntchentche sizipempha chilolezo, koma kansalu kovindikira mbale kapena tizivindikiro tija ta neti si todula, dzanja limodzi limadya lina likugwira ntchito ya ulonda. Chachitatu chimbudzi, chili kuseri, ndi chokumba, chosesedwa bwino ndithu koma chitseko chake ndi thumba la feteleza ndipo mphepo ikawomba mumapatsana moni ndi odutsa. Amayi ndi alongo anga, pamenepa ndakuchenjezani. Chachinayi chenji, ndinapereka ndalama yaikulu ndipo mtsikana uja anazungulira msika wonse kusaka yosintha, nyamulani ndalama zing'onozing'ono, za pafoni agogo salandira, akuti ndalama yosaoneka sadziwa kuiwerenga. Ndipo ngati muli pachangu, mwangotuluka kuchipatala kuti mugule chakudya cha wodwala mubwerere, musaitanitse ya mapira, tengani ya mgaiwa yomwe imakhala yophikaphika. Komanso agogo akayamba nkhani saimitsidwa, wina anabwera kudzagula tiyi anaima mphindi khumi akudikira kuti amalize za sitima.

Makakana sindinalawe koma bambo wina pa tebulo loyandikana nane anadya mpaka mutu n'kuitanitsanso ina, ndiye muweruze nokha. Tiyi wa m'mawa akuti amakhala ndi zitumbuwa ndi mbatata, amatsegula kusanache chifukwa cha manesi ochoka ku naiti. Lamulungu satsegula mpaka Misa yoyamba itatha.

Cha m'ma 1 koloko pakhonde paja panadzaza zoyera. Ana a koleji, anyamata ndi atsikana, ena mawotchi aja olendewera pachifuwa, kulankhula Chichewa cha ku Lilongwe, wina Chitumbuka pafoni, wina Chilomwe, onse agogo agogo, ndipo iwo amadziwa aliyense kuti uyu sadya mlamba chifukwa cha mpingo wake, uyu amafuna nsima iwiri yokha, uyu ali ndi mayeso mawa mumuwonjezere msuzi. Chakudya cha ku hositelo chilipo, awa amangobwera kudzasintha pakamwa. Apa ndi pomwe ndinamvetsa chifukwa chake mbale za ana a sukulu zimatuluka msanga kuposa yanga, zimakhala zowerengedwa kale.

Mphwanga anafika mochedwerapo, wawonda pang'ono koma nkhope yowala, malume mwafika bwanji kuno, ndani wakuuzani za kwa agogo. Ndisanayankhe agogo anati aa, kani awa ndi amalume ako? Analowa m'nyumba n'kutuluka ndi kope la sukulu lachikuto chofiira, lonona ndi mafuta m'makona, ananyowetsa chala n'kuyamba kutsegula masamba. Tsamba lililonse dzina pamwamba, pansi timizere ta bolopeni ngati tija timawerengera zigoli. Ena mayina anakhwatchidwa kalekale, inki inachita kufufuma, akuti amenewo pano ndi masisita akuluakulu m'zipatala, ena amabwera kudzalipira patatha zaka, ena amatumiza chitenje. Anafika pa tsamba la mwana wa achemwali anga. Timizere 9.

Mwana uja anangoyang'ana pansi n'kumakanda tebulo ndi chikhadabo. Ndinawerenga ndalama ya boti ndi ya njinga n'kuiika thumba lina, yotsalayo ndinapereka, inakwana timizere 7. Agogo anakhwatcha 7, awiriwo anati asiyeni, tsamba lopanda ngongole mwana sabweranso. Ndinati takhuta agogo, anati upite bwino mwanawanga, uthamange, a maboti dzuwa likapendeka amakweza mtengo. Amayi ake mpaka lero sindinawauze, ndipo ngati akuwerenga pano, achemwali, inali nsima yokha ndi nyemba, ndinaona ndekha m'kopemo.